Kodi olemera a ku Ulaya ankachapa bwanji zovala za silika ndi veleveti?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Pa zithunzi za mafumu a ku England a m'zaka za m'ma 1500 timaona mikanjo ya veleveti yopetedwa ndi ulusi wagolide. Chovala chotere ukachinyika m'madzi ndiye kuti chatha. Nanga ankachichapa bwanji? Kapena zija amati ankangonunkha n'zoona?

Chatsalira: Mayi, mkanjowo sunkakhudza madzi, komanso sunkakhudza khungu. Mkati ankavala malaya aatali a bafuta, ndipo thukuta ndi mafuta a m'thupi zinkathera mmenemo. Wolemera ankadziwika ndi kuchuluka kwa malaya amenewa. Louis XIV, mfumu ya ku France, ankasintha kangapo pa tsiku. Madokotala ankati madzi otentha amatsegula timabowo ta pakhungu n'kulowetsa mliri, choncho ambiri ankangosamba kumaso ndi m'manja, thupi n'kulikhula ndi nsalu youma. Si kuti mabafa kunalibe ayi. Henry VIII, mfumu ya ku England, anali nalo kunyumba yake yachifumu ya Hampton Court, la mipopi ya madzi otentha ndi ozizira.

Mkanjo ankaukuntha, kuusesa ndi burashi motsata ubweya wake, n'kuupachika pamphepo. Pamene padontha mafuta ankamatapo dothi loyamwa mafuta, likauma n'kulisasa. M'bokosi ankaikamo maluwa onunkhira a lavenda kuopa njenjete. Akautsekera uli ndi chinyezi unkachita chuku.

NyaMwale: A Chatsalira anena zoona, koma ntchito yaikulu inali pa bafutayo. Ankasanja zovala mumgolo wathabwa wokhala ndi kabowo pansi, zakuda kwambiri pansi, n'kupingasa timitengo pakati kuti madzi azidutsa. Pamwamba ankayala nsalu yokhuthala, n'kuthirapo phulusa la nkhuni, kenako madzi. Chidulo chotuluka pansi ankachitenthetsa n'kuchithiranso, mobwerezabwereza, kwa maola ambiri. Poyamba madzi azikhala ofunda chabe. Mukayamba ndi owira, magazi ndi thukuta zimapsera munsalu osachokanso. Akatero ankamenya ndi chithabwa, kutsukuluza, n'kuyanika pa udzu kuti dzuwa liyeretse. Mkodzo wogonetsa unkagwiranso ntchito yochotsa mafuta. Chidulo chimadya silika ndi ubweya wa nkhosa, n'chifukwa chake mikanjo sinkalowa mumgolo. Manja a amayi ochapawo nawo ankang'ambika, ndipo pa zithunzi zija simudzawaona.

Nachisale: Nanga makolala aakulu opindapinda aja ankauma bwanji chonchija?

NyaMwale: Sitachi wa tirigu, wowiritsa mpaka achite phalaphala. Luso lake linafala ku London mayi wina, Dinghen van der Plasse, atafika kuchokera ku Flanders, dera lomwe lero lili ku Belgium, mu 1564 n'kuyamba kuphunzitsa polipiritsa. Kolala ankaichapa payokha, kupaka sitachi khwinya lililonse, kuiumitsa, kuinyowetsanso pang'ono, kenako kulowetsa kachitsulo kotentha m'khwinya limodzilimodzi. Kachitsulo kakatenthetsa kamawaula ulusi, sitachi akachuluka amasiya mabala oyera. Mvula ikaigwera, kolala inkalefuka yonse, wochapa n'kuyambiranso.