Mwana wa Duchenne akudzuka mutu ukuwawa: tigule oxygen?

Amake Dalitso, Chilenje:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mnyamata wa zaka 14, wa Duchenne muscular dystrophy (matenda obadwa nawo ofooketsa minofu pang'onopang'ono), anasiya kuyenda zaka ziwiri zapitazo. Masabata ano akudzuka mutu ukuwawa, masana amangowodzera, ndipo chifuwa cha June uno sichikutha chifukwa makhololo sakutuluka. Achibale akuti tisonkherane tigule oxygen concentrator, makina opatsa wodwala oxygen kunyumba. Tigule? Nanga mtima tiyezetse liti, poti sadandaula chilichonse?

Bambo Tembo, Kabwata:
Amayi, ndalamazo zisungeni kaye. Mapapo a mwanayo ndi abwino, yafooka ndi minofu yokokera mpweya, makamaka diaphragm, mnofu waukulu wopumira wa pansi pa mapapo. Akagona chagada amapuma mosazama, mpweya woipa wa carbon dioxide n'kumachuluka m'magazi usiku wonse. Mutu wa m'mawa ndi kuwodzerako zikuchokera pamenepo. Oxygen payekha amakweza nambala pa pulse oximeter (kachipangizo ka pa chala koyeza oxygen m'magazi) koma mpweya woipawo sautulutsa, ndipo kupumako kumatha kucheperacheperabe inu mukuona nambala yabwino. Ndi chifukwa chake pa matenda amenewa oxygen saperekedwa popanda makina othandiza kupuma.

Makinawo ndi BiPAP, osati CPAP ya anthu oliza mkonono. Tengani kalata ku kliniki mupite ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, akamuyeze FVC (kuchuluka kwa mpweya umene angatulutse atakoka mpweya wonse) ndi peak cough flow (mphamvu ya kutsokomola kwake). FVC ikatsika pansi pa 50% ya mlingo woyenera msinkhu wake, kapena zizindikiro zikakhala ngati mwanenazi, BiPAP ya usiku yafika nthawi yake. Mwana amene sakuyenda ayezedwe miyezi 6 iliyonse. Pogula makina muwerengeretu batire kapena inverter yoti ifike maola 8, poti malaiti kuno mukuwadziwa.

Sister wa ku Matero:
Ndiwonjezere za chifuwa, chifukwa chimene chimagoneka ana amenewa m'chipatala ndi chibayo choyamba ndi makhololo otsalira. Peak cough flow ikakhala pansi pa malita 270 pa mphindi, mwana sangatsokomole mokwanira akadwala.

Pezani Ambu bag (chikwama chofinya ndi manja chopopera mpweya m'mapapo kudzera pa masiki) yokhala ndi valavu yosabweza mpweya. Mwana akhale tsonga, masiki igwire bwino kumaso. Akamakoka mpweya finyani chikwamacho, asatulutse, finyaninso, mpaka katatu kapena kasanu chifuwa chitadzaza. Agwire masekondi ochepa. Chotsani masiki, ikani manja pansi pa nthiti, ndipo pamene akutsokomola kankhani m'kati chokweza m'mwamba. Ambiri amalakwitsa nthawi: akakankha mwana asanayambe kutsokomola, mphamvu yonse imangopita pachabe. Chitani kawiri pa tsiku ngakhale ali bwino, asanadye kapena patapita maola awiri atadya, apo ayi asanza. Koyamba akusonyezeni a physiotherapy, musaphunzirire pa mwana.

Mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine ndi mapiritsi ogonetsa asamwe. Oximeter ikakanirira pansi pa 95% mutamutsokomoletsa, nyamukani usiku womwewo. Mbaula ya malasha isalowe m'chipinda chake, kuzizire bwanji.

Amake Dalitso, Chilenje:
Zikomo kwambiri. Nanga za mtima zija?

A Zulu, Chelstone:
Kusadandaulako kusakunyengeni, amayi. Mtima nawonso ndi mnofu wosowa dystrophin, puloteni yoteteza minofu imene ana a Duchenne alibe, koma poti mwana sathamanga kapena kukwera masitepe, kufooka kwake sikuonekera mpaka mochedwa. ECG (kuyeza kagundidwe ka mtima) ndi echo (sikani ya mtima) zichitike chaka chilichonse, ku UTH kapena ku National Heart Hospital. Mankhwala monga enalapril kapena perindopril amayambidwa mwana akamafika zaka 10, echo ili bwinobwino, ndiye ngati sanayambe funsani sabata ino. Echo ikasonyeza kufooka dokotala amawonjezera carvedilol, nthawi zina spironolactone, ndipo potassium (mchere wina wa m'magazi) ndi impso ziziyezedwa. Enalapril amayambitsa kachifuwa kouma kwa ena. Musasiye nokha, amasinthira ku losartan. Inunso muyezetse mtima ngati munapezeka kuti ndinu carrier, kutanthauza kuti muli ndi jini ya matendawa.

Ngati akumwa prednisolone, mankhwala a steroid ochedwetsa kufooka kwa minofu, asadumphe tsiku. Akasanza mpaka kulephera kumwa maola 24, afunika jakisoni wa hydrocortisone kuchipatala. Mulembereni kakhadi kokhala m'thumba la wheelchair: dzina la matenda, mankhwala ake, kuti oxygen asaperekedwe payekha, ndiponso kuti pa opaleshoni asapatsidwe suxamethonium kapena mankhwala ogonetsa okoka ndi mpweya monga halothane, chifukwa amaphwanya minofu, potassium n'kukwera mpaka kuimitsa mtima.