Mini driver ya kasitomala wanga ikukana kudzutsa mpira pa fairway

Wokonzandodo: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi kasitomala wosewera gofu amene akamenya ndi driver (ndodo yaitali yomenyera mpira patali poyamba bowo) mpira umangokhotera kumanja. Anagula mini driver (driver ya mutu wocheperako), BRNR Mini ya kampani ya TaylorMade, ya loft (kupendekeka kwa nkhope ya ndodo) ya madigiri 11.5, n'kuchotsa 3-wood (ndodo yomenyera patali kuchokera pa udzu) m'chikwama. Pa tee (kachikhomo koikapo mpira poyamba bowo) zikuyenda bwino kwambiri. Koma akangoyesa pa fairway (udzu wometedwa pakati pa tee ndi bowo), mpira ukungokwawa pa udzu. Dzulo ndinamata tepi yoonetsa pamene mpira wagunda pankhope ya ndodoyo, zipsera zonse zatuluka m'munsi, pafupi ndi mlomo. Makina akuonetsa kuti liwiro la ndodo yake ndi 88 mph (mamailosi 88 pa ola). Ndisinthe shaft (mpini wa ndodoyo)?

Mphunzitsiwakale: Shaft isiyeni kaye achimwene, ilibe mlandu. Taonani mutuwo. Kukula kwa mutu wa BRNR ndi 304cc, pomwe wa 3-wood wamba sufika ndi 200cc komwe. Nkhope yake ndi yaitali kuchokera pansi kukafika pamwamba, ndiye pakati penipeni, pamene mpira umachoka bwino, pamakhala pokwera. Pa tee mumakweza mpira kuti ukumane ndi malowo. Pa udzu mukweza ndi chiyani? Ukagunda m'munsi umachoka motsika, ndipo 88 mph pa loft 11.5 singakwanitse kuunyamula.

Mayi_wa_Sipanala: Musanamubweze, yesani ziwiri izi. Kunsi kwa mutuwo kuli zolemetsa ziwiri, cha 13g ndi cha 1.5g. Onetsetsani kuti cholemeracho chili kumbuyo. Kenako potokolani pakhosi muwonjezere loft ndi madigiri awiri. Mukatero nkhope imatsekeka pang'ono, zomwe zingachepetsenso kukhotera kumanja kuja.

Wokonzandodo: Zikomo mayi. Cholemeracho ndinachipeza kutsogolo, akuti anachisuntha yekha kuti mpira uzipita patali. Akulimbikiranso kuti katswiri wa gofu Phil Mickelson anawina nayo mini driver.

Mphunzitsiwakale: Anawinadi, mpikisano wa PGA Championship wa 2021 ku Kiawah Island, ali ndi zaka 50, ndipo m'chikwama munali mini driver ya Original One ya 275cc. Koma Mickelson anali nayonso driver, ndipo liwiro lake silingafanane ndi la kasitomala wanuyo. Ine chimandipweteka n'chakuti anthu amagula ndodoyi asanadzifunse kuti ikulowa m'malo mwa iti. Lamulo limalola ndodo 14 zokha. Bamboyu wachotsa yolakwika. Yomuvutitsa ndi driver: mutu wa 460cc pa shaft yopitirira mainchesi 45. Mini ndi mainchesi 43.75, n'chifukwa chake akugunda pakati ndipo mpira ukugwera pa fairway. Achotse driver, mini ikhale ya pa tee basi.

Mayi_wa_Sipanala: Apo ndikutsutsako pang'ono madala. Pa mabowo aatali ataya mtunda, chifukwa driver ikagundidwa bwino mini siyiipeza.

Mphunzitsiwakale: Ikagundidwa bwino, eya. Iye amaigunda bwino kangati pa mipira khumi? Achimwene, muyezeni mipira khumi khumi, muwerenge yonse, yoipa yomwe, osati wabwino umodzi.

Wokonzandodo: Tayeza m'mawa uno. Ndi driver, mipira itatu yokha ndiyo inalunjika, ndi mini isanu ndi iwiri. Nditabweza cholemetsa kumbuyo n'kukweza loft, pa udzu ukudzukako koma mosadalirika. Wavomera kusiya driver kunyumba. Pa fairway ndamupatsa 5-wood ya loft 18 kuti ayese sabata ino, ndipo ndamutsitsira tee, chifukwa amaikwezabe ngati ya driver mpaka kukanda penti pamwamba pa mutu.