Zovala za ana pa Khrisimasi kukamatentha chonchi, mumatani?

Make awiri:
Amayi anzanga ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kamtsikana ka zaka 2 ndi kamlongo kake ka miyezi 5, ndiye zovala za Khrisimasi zomwe ndikuonazi zonse ndi za kozizira, majuzi aubweya, madiresi a velvet, masokosi ataliatali, pomwe kuno dzuwa likuswa mtengo. Ndikufuna atchene pa zithunzi koma asavutike. Anu mumawaveka chani?

Anaphiri:
Kotoni basi asisi, musavutike mutu. Muziwerenga kalebulo ka mkati, ikakhala polyester isiyeni chifukwa siimwa thukuta, mwana amangonyowa kenako timatuza tofiira tija pakhosi ndi m'khwapa, usiku wonse kulira kukanda. Madiresi a neti aja ndiye amakanda zedi, ngati mwaikonda onani kuti mkati muli layini yofewa. Mtundu ndi umene umaonetsa kuti ndi Khrisimasi, kadiresi kofiira kopanda manja, kariboni kobiriwira kumutu, masandasi, watchena kale.

Bambo a mapasa:
Wa miyezi 5 yo ndi amene mumusamale kwambiri mayi, makanda amatenthedwa msanga kuposa ife. Chovala chimodzi chopepuka chakwana, azikhala pamthunzi ndipo aziyamwa pafupipafupi. Muzimugwira kumbuyo kwa khosi, pakakhala potentha kapena ponyowa muvuleni.

Aunt ake:
Kajuzi kokongolako muvekeni pojambula pokha, mukatha vulani. Mutengenso zosinthira mu chikwama.

Make awiri:
Zikomo nonse, velvet ija ndaisiya, ndisaka ya kotoni.