Thandizeni: ndikufufuza za bambo wa agogo anga amene anachona ku Wankie

Moni nonse akuluakulu pagulu pano. Pepani nditalikitsa.

Ndimakhala ku Chiputula kuno ku Mzuzu, koma kwathu ndi ku Kasungu. Titaika maliro a agogo anga aakazi chaka chatha, tinapeza m'sutikesi yawo yachitsulo kalata imodzi yong'ambika m'mapindiro, yolembedwa m'Chitonga, pamwamba pake pali mawu oti Wankie, dzina lakale la tauni ya mgodi wa malasha ku Zimbabwe. Anailemba ndi bambo awo. Munthuyu kwathu satchulidwa. Mukudziwa mwambo wathu Achewa: timawerenga mbumba kutsata amayi, ndipo ine ndikhoza kukutchulirani amayi a amayi mpaka mibadwo isanu osapunthwa. Koma iyeyu anali mkamwini, wobwera. Atachoka, dzina lake linachoka naye.

Zomwe ndatolera ndi izi. Anali Mtonga wa cha ku Chintheche, anaphunzira ku Bandawe, ndipo anafika ku Kasungu ngati mphunzitsi nthawi imene sukulu za kumeneko zinali m'manja mwa mishoni ya Livingstonia. Anakwatira m'mudzi mwathu, anabereka ana atatu, kenako cha m'ma 1930 anapita ku Rhodesia kukasaka ndalama ya msonkho ndi zovala. Akuti anatumizako bulangete kawiri. Basi, zii.

Chikundisowetsa tulo ndi mayina. Kumudzi ankamuitana ndi dzina lina, pakalatayo anasaina la ubatizo, ndipo agogo aang'ono, mwana wake wotsiriza amene anamusiya ali kumsana, akuti ku mgodi analembedwa dzina lachitatu pachitupa. Mfunda wake sagwirizana, wina akuti uwu wina akuti uwo. Agogo aang'onowo apitirira zaka 90, maso anasiya, ndipo ulendo uliwonse ndikapita amandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Mwawapeza atate?" Safuna chuma. Akungofuna kudziwa kumene kuli manda, ndiponso ngati kunyanja kuli abale.

Ndiye ndiyambire pati? Ku Bandawe, ku Zomba kapena ku Zimbabwe komweko? Ndalama ndilibe zambiri, sindingayende konseko.

Mayankho

Bambo wina wa ku Katawa: Mwanawe, usathamangire ku Zimbabwe. Makalata a kubadwa musawayembekeze, nthawi ya atsamunda anthu akuda sitinkakakamizidwa kulembetsa. Amene ankalemba ndi a mishoni. Bandawe inatsegulidwa mu 1881 ndipo Asikotchi aja ankasunga mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a aphunzitsi. Likulu la sinodi ya Livingstonia lili konkuno ku Mzuzu, kungokwera kabaza. Pita ndi dzina la ubatizo lija ukafunse kuti mabuku akale a Bandawe ali kuti. Zolemba zambiri za mishoniyi zikusungidwa ku National Archives ku Zomba, zina zili ku Edinburgh. Munthu amene anaphunzitsako sukulu sasowa m'mabuku ngati mmene amasowera wamba.

Mayi wina wa ku Nkhata Bay: Achimwene, kalatayo mwaipereka kwa Mtonga wachikulire kuti akuwerengereni? Osati wachinyamata ayi. Makalata a kale ankatha ndi moni, "mukapereke moni kwa uje ndi uje," ndipo mayina amenewo ndiwo angakulozereni mudzi. Kwathu kuno pafupifupi banja lililonse lili ndi mchona wake, ena ku Joni, ena ku Harare. Ngakhale Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali mwana wa ku Chifira konkuno. Mwina kwawoko nawonso akhala akumufunafuna. Mukapita, yambirani kwa amfumu, musapite chimanjamanja.

Mnyamata wina wa ku Bulawayo: Ine ndine mdzukulu wa machona, agogo anachokera ku Ntcheu. Wankie pano timati Hwange, ndipo kuli anthu ambiri a mtundu wa ku Malawi mpaka lero, a Phiri, a Banda, a Chirwa. Mukapeza mfunda weniweni mundiuze, ndikafunsa ku mipingo ya CCAP ndi kumagulu a maliro amene makolo athu anayambitsa, poti ena amasungabe makaundula. Koma konzekerani mtima. Ambiri sanabwerere chifukwa anakwatiranso kuno, osati chifukwa anafa msanga. Mwina mudzapeza banja lina lathunthu.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Amayi a ku Nkhata Bay, mwanditsegula maso. Ndaitulutsanso kalata ija usiku uno, ndipo kumunsi kwake kulidi mayina anayi amene ndinkangowadumpha poganiza kuti ndi mawu a Chitonga. Kutchalitchi kwathu kuli agogo ena ochokera ku Chintheche, ndiwapititsira Lamlungu. Ku sinodi ndipita Lolemba m'mawa. Achimwene a ku Bulawayo, za banja lina zija ndaziganizira. Zikakhala choncho ndidzawauza agogo aang'ono mmene zilili, chifukwa amenewonso ndi abale awo, ndipo akhala zaka zonsezi osadziwa ngati bambo awo anakalamba ali ndi womupatsa madzi.

Funso lina laling'ono: ku Zomba kuja munthu wamba amangofika ndi chiphaso, kapena pamafunika kalata kaye?