Kamphete ka penisilini kapita kuti pa PBP2a?

Nachisale_lab: Anzanga amene mumadziwa za mapangidwe a mapuloteni, ndithandizeni. Ndatsegula fayilo ya 1MWT mu PyMOL, pulogalamu yoonera mapangidwe a mapuloteni. Ndi ija yoonetsa PBP2a, puloteni ya bakiteriya wopirira mankhwala wotchedwa MRSA, itagwirana ndi penicillin G. Ndikufunafuna kamphete ka beta-lactam ka mu penisilini, ka maatomu anayi kaja, koma sindikukaona. Kaduka, ndipo mbali imodzi yamatirira pa Ser403, kachigawo ka puloteniyi kotchedwa serine ka pa nambala 403. Kodi fayiloyi ili bwino? Chinanso chikundisautsa: ngati mankhwala akugwira puloteni chonchi, nanga bakiteriyayu amawapirira bwanji?

Phiri_wa_ekisire: Fayilo ili bwinobwino achemwali, ndipo mwaona chenicheni. Kamphete kameneko n'kopanikizika, sikachedwa kutseguka. Serine uja akakakhudza, kamatseguka n'kumamatira pa iye, basi puloteni yagwidwa. Ntchito ya puloteniyi ya masiku onse ndi kulumikiza nsonga za peptidoglycan, ukonde umene umapanga khoma la selo ya bakiteriya, kuti khomalo lilimbe, ndipo penisilini amafanana ndi nsonga ya D-Ala-D-Ala imene puloteniyo imayembekezera. Tipper ndi Strominger ananena zimenezi mu 1965, zithunzi zoterezi kulibe. Ndiye chimene mukuona pa kompyutapo ndi mankhwala atamaliza kale ntchito.

Nachisale_lab: Zikomo achimwene, pamenepo ndamva. Nanga funso lachiwiri lija? Ndi limene likundisowetsa tulo.

MayiMbewe: Mwana wanga, chithunzi cha crystal (puloteni youmbidwa ngati kamwala ka mchere kuti ijambulidwe) chimangokuuza kuti zinthu zagwirana, sichikuuza kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ofufuza amaviika crystal m'mankhwala ochuluka n'kudikira. M'thupi la wodwala mulibe mwayi wotero. Lim ndi Strynadka, amene anatulutsa mapangidwe amenewa mu 2002, anaonetsa kuti Ser403 ali mkati mwa kampata kopapatiza, ndipo sanakhale bwino moti n'kufikira mankhwala msanga. Puloteniyo iyenera kupindika kaye. Choncho imagwidwa pang'onopang'ono kwambiri. Ma PBP ena (mapuloteni anzake omanga khoma) a bakiteriyayo amakhala atafooka kale, koma PBP2a, yochokera ku jini ya mecA, imapitiriza kumanga khoma.

Ine ndimadandaula ndikamaona ophunzira akukhulupirira chithunzi chokha osayang'ana liwiro la kugwirana. Ziwirizi ziziyendera limodzi.

Phiri_wa_ekisire: Mayi anena zoona. Mukapeza mpata muonenso mapangidwe a 2013 a PBP2a ndi ceftaroline, mankhwala ena okhala ndi kamphete komweko. Kumeneko molekyu ina ya mankhwala imakhala patali ndithu, pafupifupi 60 Å (ma angstrom, muyeso wa kutalikirana kwa maatomu) kuchoka pa Ser403, kamphete kake kali kathunthu. Ikakhala pamenepo puloteni imasintha kaimidwe, kampata kaja kamatseguka, ndipo molekyu yachiwiri imalowa n'kugwira serine. N'chifukwa chake ceftaroline amatha kulimbana ndi MRSA pamene methicillin, mtundu wina wa penisilini, amalephera.

Nachisale_lab: Eee, ndiye kuti ndimangoyang'ana malo amodzi pomwe alipo awiri. Ndikatsitsa fayilo ya ceftaroline, ndiisanjike pamwamba pa iyi kuti ndione mbali zimene zasuntha.