Kanjira ka pakhomo ku Turffontein

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse? Kanjira kochokera pageti kufika pakhonde kafika poipa. Simenti yang'ambika paliponse, pena yatukuka ndi mizu ya jakaranda uja. Amayi akubwera mu December ndi ndodo yawo ija, sindikufuna adzagwere pakhomo panga.

Kondwani: Tingothira simenti ina pamwamba achemwali, matumba atatu nkhani yatha.

Malume a Phiri: Iwe Kondwani, ukufuna chaka chamawa tidzagwirenso ntchito yomweyi? Simenti yopyapyala ukaithira pa yong'ambika, imang'ambika momwemo. Tiswe yonse, tikumbe, tiyale mapeva, tinjerwa ta konkire toyala pansi.

Kondwani: Ndamva malume 🙏

Malume a Phiri: Mwayeza?

Mayi a Tadala: Tadala wayeza ndi tepi. Mamita 8 m'litali, 1.2 m'lifupi.

Malume a Phiri: Ndiye masikweya mita 9.6. Mapeva a mamilimita 200 ndi 100 amalowa 50 pa sikweya mita, akwana 480. Gulani 520, ena amasweka podula m'mbali. Okhuthala 50mm ali bwino, sipadutsa galimoto.

Malume a Phiri: Tikumba masentimita pafupifupi 18. Pansi tithira miyala ya kwale masentimita 10 n'kuitsendera ndi makina, osati kupondaponda ndi mapazi ayi. Pamwamba pake mchenga wakumtsinje masentimita awiri okha. Ukachuluka mapeva amatitimira mvula yoyamba yomwe. M'mbali timanga ndi konkire kuti asamwazike. Komanso kanjirako kapendekere kugeti, masentimita awiri pa mita iliyonse. Mvula ya ku Joni mukuidziwa, imagwa masana ndi ziphaliwali, madzi onse angathere pakhonde.

Esnart: Nanga mtengowo osangoudula bwanji? Ndi umene wayambitsa zonsezi, maluwa akenso amaterera akanyowa.

Malume a Phiri: Ayi mpongozi, uli kunja kwa mpanda, ndi wa City Parks, nthambi ya khonsolo yosamalira mitengo. Mukaugwetsa mulipira faindi. Tidula timizu tokha tomwe talowa pabwalo.

Tadala: Agogo, paipi yochokera pa mita ya madzi idadutsa pansi pomwepo, cha kugeti. Waya wa intaneti wa fibre ulinso chakomweko.

Malume a Phiri: Wachita bwino kunena, mdzukulu. Pamenepo piki ayi, fosholo yokha, pang'onopang'ono. Titseke kaye madzi pa mita.

Azakhali ku Lilongwe: Ine ndili kutali, ndingotumiza mapemphero 😂 Koma Kondwani mumuyang'anitsitse, ali mwana ankathawa kudimba.

Kondwani: Azakhali, pagulu pomwe pano?

Mayi a Tadala: Tsiku ndi 24 September, ndi holide, mvula isanayambe. Aliyense asonkhe R400 pofika Lachisanu. Mapeva ndi kwale ndigula ndekha, zanuzo zipite ku kubwereka makina otsendera, mchenga ndi skip, chibokosi chachitsulo chotayiramo zigumu.

Esnart: Ine ndidzalowa ntchito mpaka 1 koloko. Nsima ndi nkhuku zikhale kwa ine, ndikonzeratu usiku.

Kondwani: Bakkie, galimoto ya pikapu, ndabwereka, wilibala ndibwera nayo. Koma tsiku limodzi tithadi malume?

Malume a Phiri: Kuswa ndi kukumba iwe ndi Tadala muyambiretu madzulo a pa 23. Makina amawerengera pa tsiku, ndiye shopu ikamatsegula ukhale uli pakhomo pawo.

Mayi a Tadala: Mtundu wa mapeva sitinagwirizane. Ofiira kapena otuwa?

Esnart: Otuwa mlamu.

Mayi a Tadala: Chabwino, ndiitanitsa mawa.