Mtsogoleri wa utumiki wolera ophunzira akusamuka, tisiyirane bwanji udindo kuti magulu asafe?

Mlembi_Chinamwali

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa m'makomiti a mpingo. Utumiki uli ndi magulu 6 okumana m'makomo, gulu lililonse anthu 8 mpaka 12, ambiri mwa iwo ongobatizidwa kumene. Amene amautsogolera alandira kalata ya transifa, achoka pakatha miyezi 3. Maphunziro amakonza ndi iwo, odwala amayendera ndi iwo, ndalama za mabuku zimafikiranso pa foni yawo. Tiyambire pati? Nanga wolowa m'malo timusankhe poona chiyani?

Mkulu_wa_mpingo_Matawale

A Mlembi, choyamba vomerezani kuti muno mu Zomba funso limeneli lizibwera chaka ndi chaka. Mipingo yathu yadzaza ndi apolisi, asilikali a ku Cobbe Barracks, anamwino, aphunzitsi, ndi ana a ku yunivesite amene ambiri amatha zaka 4 n'kumapita. Wotsogolera aliyense azikhala ndi womutsatira kuyambira tsiku limene wadalitsidwa, osadikira kalata.

Miyezi 3 ndi pafupifupi masabata 13; tengani 12, agaweni patatu. Masabata 4 oyamba wolowayo azingoyenda pambuyo pa wotuluka: akhale nawo pokonza phunziro, apite nawo kwa odwala, aone mmene amabwezera m'njira munthu amene walanda zokambirana. Masabata 4 otsatira wolowa atsogolere, wotuluka akhale pomwepo koma osatsegula pakamwa, ngakhale aone kuti vesi lapotozedwa pang'ono. Zokonza akazikambirane awiri anthu atabalalika. Apa m'pamene zimaonongekera kawirikawiri, chifukwa wotuluka amalephera kupirira, amalowerera, ndipo gulu limaphunzira kuti yankho lenileni likadali kwa wakale. Masabata 4 omaliza wotuluka asamabwere n'komwe, ngakhale akadali m'tauni muno. Zimene zigwe m'masabata amenewa ndi zomwe zikanagwa iye atapita, koma tsopano mpata wozikonza ulipo.

Posankha, 2 Timoteo 2:2 ikutchula zinthu ziwiri zokha: kukhulupirika, ndi kutha kuphunzitsa ena. M'vesi limodzi lomwelo muli mibadwo 4, Paulo, Timoteo, anthu okhulupirika, kenako enanso. Tsono funso lisakhale lakuti ndani amalankhula mogwira mtima pa maliro. Funsani kuti ndani ali ndi anthu awiri kapena atatu amene angaloze kuti awa ndakhala ndikuwalera, ndipo mmodzi mwa iwo wayamba kulera wina. Onaninso kaundula: amene wajomba kuposa kamodzi pa mwezi popanda chifukwa sangathe, kaya amadziwa Baibulo chotani.

Wolowayo musamupatse udindo kuseri. Pa Numeri 27 Mose anaimiritsa Yoswa pamaso pa Eleazara wansembe ndi khamu lonse, n'kumusanjika manja, iye mwini akadali moyo. Chitani chimodzimodzi Lamulungu m'tchalitchi, abusa ndi sesheni (bwalo la akulu a mpingo) alipo, ndipo wotulukayo anene ndi pakamwa pake kuti kuyambira lero pitani kwa uyu.

Msungichuma_Sadzi

Zonse zanenedwazo ndikugwirizana nazo, koma mautumiki ambiri safa ndi chiphunzitso, amafa ndi kabuku ka ndalama. Mwati zopereka zimafikira pa foni ya munthu. Sinthani zimenezo sabata ino. Airtel Money kapena Mpamba imalembetsedwa pa chitupa cha mwini nambala, ndipo akasamuka anthu amapitiriza kutumiza ku nambala imene anaizolowera kwa miyezi. Palibe amene waba, koma mpungwepungwe umabuka. Lengezani tsiku lenileni lomwe nambala yakale isiye kulandira, ndipo mubwereze Malamulungu atatu otsatizana.

Ngati pali akaunti ku banki, kusintha osayinira kawirikawiri kumafuna kalata ya komiti, maminitsi a msonkhano umene unasankha atsopanowo, ndi zitupa zawo zaunzika. Yambani wotulukayo asanachoke, chifukwa kumusaka kuti asayine ali ku Karonga n'kovuta. Osayinira akhale atatu, awiri aliwonse athe kutapa.

Kenako pepala limodzi la katundu: Mabaibulo angati, angati mwa iwo ndi Buku Lopatulika ndipo angati ndi Buku Loyera, ali kwa yani, mabuku a nyimbo, mipando, sipika. Ngongole zonse, zathu ndi za kwa ife, zilembedwe pomwepo. Asayine wotuluka, wolowa, ndi mboni imodzi ya ku sesheni. Pa gulu la WhatsApp onjezani ma admin awiri. Maphunziro amene ali m'foni kapena m'mutu mwa wotuluka atayipidwe ndi kusindikizidwa, osachepera a miyezi 6 yakutsogolo.

Mayi_wa_Mvano_Domasi

Bambo a ku Matawale, masabata 12 anuwo ndi a m'tauni. Kuno kumidzi muziyang'ana kaye nyengo. Mukasintha mtsogoleri mu Disembala kapena Januwale, anthu ali kumunda, mitsinje yadzaza, njala ili m'nyumba, magulu amachepa okha. Ndiye anthu amati watsopanoyu wabalalitsa nkhosa, pamene ndi dzinja. Ngati muli ndi mpata wosankha, siyiranani pambuyo pa zokolola, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti.

Chimene sichinatchulidwe ndi zinsinsi. Wolera ophunzira amasunga nkhani za mabanja, za matenda, za amene akulimbana ndi mowa. Zimenezi si katundu wa utumiki woti alembedwe pa pepala la a Msungichuma. Wotuluka apite kwa munthu aliyense payekha, amufunse ngati alola kuti nkhani yake ipite kwa watsopano. Akakana, ithere pomwepo, angomuuza wolowayo kuti uyu muzimuyendera pafupipafupi. Ndipo ngati wolowa ndi bambo, amayi a m'gulu apatsidwe mayi wokhwima woti azimuuza zawo.

Kwa wolowayo ndinene izi: mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, inde, koma miyezi 3 yoyamba asamete aliyense. Tsiku lokumana, malo ndi buku zikhale zomwezo. Ngati akuona kuti maphunziro ake ndi ochepa, a TEEM, bungwe lophunzitsa zaumulungu, ali mu Zomba momwemo, amaphunzitsa munthu ali pakhomo pake osasiya ntchito.

Kuchedwa kusiyira ena si matenda a lero. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ya Domasi mu 1884, koma abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre, a Harry Kambwiri Matecheta ndi a Stephen Kundecha, anadzozedwa mu 1911. Zaka 35 zimenezo kuchokera mu 1876.

Mlembi_Chinamwali

Zikomo nonse. Nanga wotuluka akaloza munthu wake, koma atsogoleri a magulu akufuna wina?

Mkulu_wa_mpingo_Matawale

Wotuluka amapereka maganizo, sasankha. Pa Machitidwe 6 atumwi ananena makhalidwe ofunika ndi chiwerengero cha anthu 7, khamu linasankha, kenako atumwi anawasanjika manja. Tsatani dongosolo lomwelo. Sesheni ilembe zoyenereza mayina asanatchulidwe, atsogoleri a magulu 6 aja apereke mayina awiri, wotuluka anene maganizo ake pa onse awiri n'kutuluka m'chipinda, otsala avote mobisa. Amene sanadutse mupatseni ntchito yodziwika tsiku lomwelo, monga kuyang'anira magulu awiri kapena kalasi ya obatizidwa kumene, apo ayi anthu ake ayamba kujomba mmodzimmodzi.

Ndipo mugwirizane ndi wotulukayo za foni. Anthu adzamuimbirabe, n'zachibadwa. Awamvere, apemphere nawo, koma nkhani iliyonse yokhudza kayendetsedwe ka gulu aibweze kwa watsopano, ndipo amudziwitse tsiku lomwelo kuti wakuti anaimba.